Duwa la nkhope ya pusi: kodi lingamere kuno kunyanja?

Zokambirana pa gulu la WhatsApp la alimi a maluwa ndi mbande a ku Salima ndi Nkhotakota

Mayi wa nazale, Senga Bay
Mwadzuka bwanji nonse pa gulu. Ndabwera ndi funso. Achemwali anga okhala ku Scotland anabwera mwezi watha kudzaona amayi, ndiye anandigulira timapaketi ta mbewu za maluwa. Kamodzi kalembedwa kuti Mimulus, m'munsi mwake monkey flower. Pachithunzi pali maluwa achikasu, ena ofiira, ena amawangamawanga ngati nkhanga. Nditatsegula ndinayesa kuti mulibe kanthu, njere zake ndi fumbi lenileni. Alipo amene anadzalapo? Ndikuopa kuziwononga poti n'zochepa.

Mlimi wa mpunga, Lifuwu
Tadzuka Amayi. Duwa la anyani? Samalani, a ku phiri la Senga angamve kuti mwawadzalira chakudya.

Agogo, Chipoka
Iwe mwana wanga, monkey si nyani. Nyani ndi uja wamkulu wothyola chimanga. Monkey ndi pusi. Tikalitcha m'Chichewa tiziti duwa la pusi.

Mphunzitsi wa sayansi, Salima boma
Agogo anena zoona. Ndipo apusi sadya duwa limeneli ayi, dzinalo linachokera ku maonekedwe. Duwa lake lili ngati kachubu kotseguka kukamwa, kokhala ndi milomo iwiri: wam'mwamba wogawika pawiri, wam'munsi wogawika patatu. Mukaliyang'ana chamaso, makamaka lija la madontho, limaoneka ngati kankhope koseka. Amene analipatsa dzina la Mimulus ndi Linnaeus, katswiri wa zomera wa ku Sweden, mu 1753, ndipo mawuwo m'Chilatini amatanthauza kamunthu kochita zisudzo, kotsanzira ena.

Koma Amayi, dziwani kuti monkey flower si duwa limodzi. Kale ankawerenga mitundu pafupifupi 150 pansi pa dzina limeneli. Yambiri kwawo ndi kumadzulo kwa North America, makamaka California, ina ku Chile, ina ku Australia ndi ku Asia. Za m'paketi mwanuzo mwachionekere ndi za haibridi zimene amapangira m'minda ya maluwa, zosakaniza mitundu ingapo. Kholo lake lodziwika kwambiri ndi lija lachikasu la madontho ofiira pakhosi, Mimulus guttatus, limene limamera m'mphepete mwa timitsinje ndi pa akasupe.

Mayi wa nazale, Senga Bay
Zikomo Aphunzitsi. Ndiye likufuna madzi ambiri? Kuno mchenga wokhawokha, ukathirira m'mawa masana pauma.

Mphunzitsi wa sayansi, Salima boma
Madzi inde, koma vuto lalikulu ndi kutentha. Amenewa ndi maluwa okonda kozizira ndi nthaka yosauma. Dzuwa la Okutobala la kuno silingawasiye. Ku Dedza kapena pa phiri la Zomba angasangalale. Kuno mpata wanu ndi miyezi ya mwera yokha, Meyi mpaka Julaye, mwina kufika Ogasiti.

Wophunzira wa ku Bunda
Moni makolo nonse. Aphunzitsi mundilole ndiwonjezere, nkhani imeneyi tinaikhudza m'kalasi. Dzina lakuti Mimulus guttatus mabuku atsopano ambiri analisiya, akulemba Erythranthe guttata. Mu 2012 akatswiri anayi, Barker, Nesom, Beardsley ndi Fraga, ataona zotsatira za kuyeza DNA, imene imasunga chibadwa cha chamoyo, anagawa fuko lonse lija. Zinapezeka kuti zomera zimene tinkazitcha dzina limodzi si za mzere umodzi. Zili ngati m'mudzi anthu onse mumawaitana a Phiri chifukwa amafanana nkhope, kenako akuluakulu atakhala pansi kulondola mibadwo n'kupeza kuti ena ndi a Banda, ena a Mwale. Mitundu yoposa 100 inapita ku Erythranthe, yoposa 40 ku Diplacus, ndipo mu Mimulus weniweni munangotsala 7 yokha.

Dzinalo linatsala kwa ochepawo chifukwa lamulo la mayina limati dzina la fuko limakhala ndi mtundu umene unaliyambitsa. Umenewo ndi Mimulus ringens wa kum'mawa kwa North America, wa maluwa obiriwira mwa mtambo mopita ku pepo, tsinde lake la ngodya zinayi, womera m'madambo.

Mphunzitsi wa sayansi, Salima boma
Mwachita bwino mwana wanga, ine ndinaphunzira mayina akale. Koma ndikudziwa kuti ofufuza ambiri amene agwira ntchito pa guttatus zaka zambiri sanakondwe nako kusinthako, mpaka lero amalembabe Mimulus. Ogulitsa mbewu nawonso sanasinthe, n'chifukwa chake paketi ya Amayi yalembedwa choncho. Ine mtima wanga uli mbali ya osinthawo, poti dzina liyenera kunena zoona za ubale, ngakhale livute pakamwa.

Mlangizi wopuma, Nkhotakota
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mayina asinthe asasinthe, ine nkhawa yanga ndi ina. Mayi, mbewu zimenezo zinalowa bwanji m'dziko muno? Mbewu yochokera kunja imafuna chilolezo cha a zaulimi ndi chikalata chotsimikiza kuti ilibe matenda. Sindikukudzudzulani, ndikudziwa kuti achemwali anu anachita mwa chikondi. Koma ine ndagwira ntchito ya ulangizi mpaka imvi, ndipo chomera chokonda m'madzi ndimachiopa kuposa china chilichonse. Namasupuni kwawo ndi ku South America, ndipo anafalikira m'maiko ambiri chifukwa anthu anakopeka ndi duwa lake. Lero pitani ku Shire mukaone. Langizo langa, tenthani njerezo.

Mayi wa nazale, Senga Bay
Iii Bambo, kutentha? Ndi mphatso ya m'bale wanga imeneyi. Za chilolezo sindinkadziwa, ndikuvomera. Koma kapaketi kake n'kakang'ono ngati ka machesi.

Mlangizi wopuma, Nkhotakota
Njere ya fodya ndi yaing'ono bwanji Mayi? Koma kasupuni kamodzi kamadzaza munda.

Wophunzira wa ku Bunda
Bambo Mlangizi ali ndi mfundo, ndipo mbiri ya duwa lomweli ikuwaikira umboni. Guttatus anafika ku Britain mu 1812 ngati duwa la m'munda. Sipanapite zaka zambiri anali atathawira m'timitsinje, ndipo lero amamera yekha m'madera ambiri a ku Ulaya ndi ku New Zealand. Safalikira ndi njere zokha. Tsinde lake likagona pa matope limamera mizu ngati kholowa, ndipo madzi osefukira akaduladula, kachidutswa kalikonse kamakayamba moyo kumunsi kwa mtsinje.

Ndipo ku Scotland komweko kumene kwachokera paketiyi kunachitika chinthu chimene chimandisangalatsa kwambiri. Guttatus wa ku North America anakumana ndi Mimulus luteus wa ku mapiri a Andes, ku Chile ndi Argentina. Kwawo awiriwa sakanakumana. Anakwatirana, mwana wake n'kukhala wosabereka njere, wongofalikira ndi ziwalo monga imachitira nthochi. Kenako mwa ena a anawo makromozomu, timaulusi tonyamula chibadwa, anadziwirikiza kawiri, kubereka kunabwerera, n'kukhala mtundu watsopano wodziimira pawokha. Mario Vallejo-Marín amene panthawiyo anali ku yunivesite ya Stirling ndiye anaupeza m'mphepete mwa kamtsinje kum'mwera kwa Scotland, n'kuutcha Mimulus peregrinus mu 2012. Peregrinus ndiye kuti mlendo, woyendayenda. Taganizani, mtundu umene kunalibe padziko lonse zaka 200 zapitazo.

Mlangizi wopuma, Nkhotakota
Mwamva Mayi? Mwanayu akusangalala nazo, koma wanena zimene ndikunena ine.

Mphunzitsi wa sayansi, Salima boma
Bambo Mlangizi, ndikugwirizana nanu theka. Kumene lathawira duwali ndi maiko ozizira. Mpatsanjoka mu Novembala si kamtsinje ka ku Scotland. Ine ndikuona kuti kuno vuto la Amayi lidzakhala kulisunga lamoyo, osati kuliletsa kufalikira. Kumene ndingaope ndi ngati wina atatenga mbande n'kupita nazo ku Nyika, ku Dedza kapena ku Mulanje, kumene kuli timitsinje tozizira chaka chonse. Ndiye ndingati: adzale m'miphika yokha, kutali ndi dambo ndi ngalande, asagulitse kapena kugawa mbande, maluwa akafota azithothola asanakhwime njere, ndipo nyengo ikatha azule zonse n'kutentha. Koma asanafese apite kaye ku Chitala, pa malo a kafukufuku wa zaulimi, akawaonetse paketiyo. Akakana, akana.

Mlangizi wopuma, Nkhotakota
Akapita kaye ku Chitala ndilibe mawu. Chimene sindifuna n'chakuti pa gulu pano tizolowere kuti aliyense wochokera ku Joni kapena ku UK azibwera ndi mbewu m'chikwama.

Mayi wa nazale, Senga Bay
Ndamva Bambo, ndipita Lachiwiri. Ndipo achemwali ndiwauza kuti ulendo wina asadzagulenso.

Msodzi, Chia
Pepani kulowerera, ine maluwa sindiwadziwa, ndili pa gulu chifukwa cha mbande za mitengo. Koma funso langa ndi ili. Mitundu 150 ya duwa limodzi, imasiyana chiyani? Si mtundu wa utoto basi?

Mphunzitsi wa sayansi, Salima boma
Achimwene, funso limeneli likuyenera inu kuposa tonsefe, chifukwa yankho lake mumaligwira m'manja tsiku lililonse. Munthu wa kumtunda akaona mbuna za ku zilumba za Maleri amati ndi kansomba kamodzi kosiyana utoto. Koma inu mukudziwa kuti m'nyanja yathu muli mitundu mazanamazana ya nsomba za banja limeneli, ndipo pakati pa mbuna utoto wa yaimuna ndi umene yaikazi imayang'ana posankha. Utoto si chokongoletsa chabe, ndi umene umaika malire a ukwati.

Ku maluwa amenewa zilinso chimodzimodzi, kungoti wosankhayo ndi wonyamula mungu. Ku mapiri a Sierra Nevada ku California kuli mitundu iwiri ya pachibale kwambiri. Woyamba ndi lewisii, wa pinki, wotambasuka kukamwa, wokhala ndi potera ndi timizere tachikasu tolondolera njira. Amene amabwera pamenepo ndi njuchi zikuluzikulu zaubweya, zooneka ngati bemberezi. Umakonda kumtunda kozizira. Wachiwiri ndi cardinalis, wofiira kuti psuu, milomo yake yopindikira kumbuyo moti njuchi ilibe potera, kachubu kake kopapatiza, timadzi totsekemera tambiri. Ameneyu ndi wa timbalame totchedwa hummingbird, timene timayamwa tili m'malere. Kuno kulibe timbalame timeneti, ntchito yake amagwira ndi choso.

Munthu akatenga mungu wa wina n'kuika pa mnzake, amabereka bwinobwino ndipo ana ake amaberekanso. Koma kutchire, ngakhale pamene amera moyandikana, sasakanikirana kawirikawiri, chifukwa njuchi imapita kwake, mbalame kwake.

Wophunzira wa ku Bunda
Ndipo ofufuza awiri, Bradshaw ndi Schemske, anayesa zimenezi, n'kufalitsa zotsatira mu 2003. Anasinthanitsa kachigawo kamodzi kokha ka chibadwa, kamene kamalamulira utoto wachikasu m'duwa. Lewisii anasanduka wachikasu mopita ku olenji, ndipo timbalame tinayamba kumuyendera kwambiri kuposa kale. Cardinalis anasanduka wa pinki wakuda, njuchi n'kuyamba kubwera. Kachigawo kamodzi, alendo n'kusintha.

Msodzi, Chia
Apo ndamva. Ndiye ndi mbuna za kumtunda.

Agogo, Chipoka
Mukunena za milomo iwiri ndi kachubu, ine ndikuona duwa la chitowe. Ngakhale chewe uja timaphika thelele duwa lake n'lotero. Si abale amenewa?

Mphunzitsi wa sayansi, Salima boma
Maso anu ndi akuthwa Agogo. Ndi abale a patali, a gulu limodzi lalikulu koma mabanja osiyana. Chitowe ndi chewe ali m'banja la Pedaliaceae, duwa la pusi lili mu Phrymaceae. Chimene chingakudabwitseni ndi ichi: m'mabuku amene ine ndinaphunzira, duwa la pusi linali m'banja limodzi ndi kaufiti, la Scrophulariaceae. Pambuyo pake anawalekanitsa, kaufiti anapita ku Orobanchaceae pamodzi ndi anzake oyamwa mizu ya zomera zina.

Mlimi wa mpunga, Lifuwu
Kaufiti?? Ndiye Bambo Mlangizi ananena zoona, tenthani!

Mphunzitsi wa sayansi, Salima boma
Ayi achimwene, mtima m'malo. Duwa la pusi siliyamwa mizu ya chimanga kapena ya mpunga, limadzidyetsa lokha. Ndangotchula kuti muone mmene maonekedwe a duwa ananamizira akatswiri kwa zaka zambiri.

Mayi wa nazale, Senga Bay
Aphunzitsi, pa mitundu yonseyo palibe wopirira dzuwa? Nanga onse a m'madzi?

Mphunzitsi wa sayansi, Salima boma
Ulipo. Diplacus aurantiacus si kaudzu ngati enawo, ndi chitsamba cha timitengo tolimba, chofika m'chiuno kapena kupitirira pang'ono, maluwa ake a olenji. Masamba ake ndi omata ngati apakidwa ulimbo, ndipo chimamera m'matsitso ouma a ku California. Koma musafulumire kukondwa. Kwawoko mvula imagwa nyengo yozizira, nyengo yotentha kumakhala gwaa. Kuno ndi mosemphana, mvula ndi kutentha zimabwera limodzi, ndipo chitsamba chimenechi mizu yake imaola ikakhala m'nthaka yonyowa ndi yotentha. Januwale wathu sangachikomere.

Fuko limeneli lili ndi zodabwitsa zambiri. Guttatus yemwe uja ku Copperopolis, ku California, amamera pa zinyalala za mgodi wakale wa kopa, pamene zomera zambiri zimafa ndi poizoni wa m'nthaka. Ku Yellowstone, ku America komweko, amamera pa nthaka yofunda ya m'mbali mwa akasupe otentha.

Mlangizi wopuma, Nkhotakota
Ngati a ku Mawira kuno kwathu. Ndiye mukuti limaopa kutentha bwanji Aphunzitsi, pamene likumera pa madzi otentha?

Mphunzitsi wa sayansi, Salima boma
Mwandigwira Bambo. Koma kusiyana kulipo. Ku Yellowstone nthaka ndiyo yofunda, mpweya ndi wozizira kwambiri, ndipo a pamalo amenewo amamera ndi kuchita maluwa msanga, chisanu chisanathe, n'kufa nthaka ikauma. Komabe mfundo yanu ndaitenga: ndi chomera chodziwa kuzolowera malo ovuta, ndiye kusamala kuja kukhalepo ndithu.

Agogo, Chipoka
Limanunkhira?

Wophunzira wa ku Bunda
Ambiri ayi Agogo. Koma ulipo umodzi wa nkhani yomvetsa chisoni, moschatus, wa timaluwa tachikasu ndi masamba aubweya onyowerera. M'zaka za m'ma 1800 anthu a ku Britain ankaukonda kwambiri chifukwa cha fungo lake, ankauika m'miphika pa mawindo. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 olima maluwa anayamba kudandaula kuti fungo lija latha, ndipo umene ulipo lero sununkhira monga ankanenera akale.

Agogo, Chipoka
Ngati mpunga. Kilombero wa kale ukaphika anthu a nyumba yachitatu ankadziwa. Mbewu ukapanda kuisamala posankha, fungo limathawa.

Mlimi wa mpunga, Lifuwu
Apo Agogo mwalasa. Timasakaniza tokha pouma ndi pogula mbewu pa msika.

Wophunzira wa ku Bunda
Makolo, ndasunga chokoma kumapeto. Pa mitundu 7 ija yotsala mu Mimulus weniweni, si yonse ya ku America. Wina ndi wa ku Madagascar. Wina ndi wa kuno ku Africa, umapezekanso ku India. Mabuku a zomera za kum'mwera kwa Africa amaulemba Mimulus gracilis, ena atsopano amati Mimulus strictus. Ndi kachomera koima chilili, kopanda ubweya, tsinde la ngodya zinayi, masamba aatali opyapyala okhala awiriawiri moyang'anana. Timaluwa take n'tating'ono, toyera kapena tokhala ndi pepo wotuwa, pakhosi pachikasu. Kamamera m'malo onyowa, m'mbali mwa mitsinje ndi m'madambo. Ndiye taonani, a m'paketi okongola aja dzina analandidwa, koma kathu ka m'matope ndiko kanatsala nalo.

Mayi wa nazale, Senga Bay
Zoona? Ine kudandaula ndi za ku Scotland pamene lathu lilipo! Limenelo ndiye ndingalifune pa nazale, poti ndi la kuno silingavute ndi chilolezo.

Mlimi wa mpunga, Lifuwu
Dikirani. M'mizere ya m'munda mwanga, madzi akayamba kuphwa, mumamera timaudzu ta maluwa oyera tambirimbiri. Timangozula n'kutaya. Ndikadziwa bwanji ngati ndi kameneko?

Mphunzitsi wa sayansi, Salima boma
Yambani ndi tsinde, mulipotokole pakati pa zala mumve ngati lili ndi ngodya. Onani masamba ngati ali moyang'anana. Kenako pali kayeso kamene ana a sukulu angakondwe nako. M'kati mwa duwa, chakumtunda, muli kansonga kachikazi kolandira mungu, kokhala ngati timilomo tiwiri totseguka. Tengani kaudzu kowonda mukakhudze. Pa maluwa a pusi timilomoto timatsekeka inu mukuona, m'masekondi ochepa. Njuchi ikamalowa imayamba yakhudza pamenepo n'kusiya mungu wochokera ku duwa lina, ndiye potuluka, itadzola mungu wa duwa lomwelo, imapeza pakhomo patsekedwa. Ngati sipanagwe mungu timatsegukanso pakapita nthawi.

Koma kayesoka pakokha si umboni wokwanira, zilipo zomera zina zochita chimodzimodzi, ndipo m'minda ya mpunga muli timaudzu tambiri ta maluwa a milomo iwiri.

Wophunzira wa ku Bunda
Mukakapeza Bambo, zulani kamodzi ndi mizu yomwe, kokhala ndi duwa ndi kachipatso. Kayalani pakati pa nyuzipepala, mutsindikize ndi njerwa, muzisintha pepala mpaka kaume. Mulembe tsiku ndi malo. Ine ndikabwera pa holide ndidzatenga, tidzatumize ku National Herbarium ku Zomba akatiuze dzina lenileni.

Admin
Nkhani yakoma koma tikumbutsane, amene munaitanitsa mbande za mibawa mutumize mayina lero. Pitirizani.

Mayi wa nazale, Senga Bay
Funso lomaliza Aphunzitsi, akandilola ku Chitala, kafesedwe kake?

Mlangizi wopuma, Nkhotakota
Limenelo ndiyankha ndine, poti ndine ndinakukhumudwitsani. Chitani ngati nazale ya fodya. Dothi losefa bwino, losakaniza ndi manyowa owola, mu beseni loboola pansi. Nyowetsani kaye. Njerezo sakanizani ndi kamchenga kouma kuti zimwazike mofanana, muwaze pamwamba, musakwirire, zimafuna kuwala kuti zimere. Musathire ndi kheni, mungazikokolole. Ikani beseni m'mbale ya madzi kuti dothi lizimwa kuchokera pansi. Malo ake pansi pa mtengo wa mango, pamene dzuwa limafika m'mawa mokha. Dothi lisaume ngakhale tsiku limodzi.

Mayi wa nazale, Senga Bay
Simunandikhumudwitse Bambo, mwandiphunzitsa. Ndalemba zonse m'kope.

Mlimi wa mpunga, Lifuwu
Ndabwera kumunda tsopano. Ndapeza mitundu itatu ya timaluwa toyera m'mbali mwa ngalande. Iwiri ndakhudza ndi kaudzu, palibe chachitika. Kachitatu, ka tsinde la ngodya, ndinaitana mwana wanga wa Sitandade 6 kuti aone nawo, maso anga sakhulupirika pa tinthu tating'ono. Akuti katseka. Tayesa duwa lina, akuti katsekanso. Chithunzi chikukana kupita, netiweki kuno ndi yovuta madzulo. Nyuzipepala ndilibe, kodi mapepala a kope lakale angachite?

Wophunzira wa ku Bunda
Angachite Bambo, bola akhale ouma. Muzule tiwiri, kena kadzatsale kwa Amayi a ku Senga Bay.